Kusankha Mota ya Magetsi Yokwera Nayo Zitunda pa Njinga

Alimi anzanga, sabata ino tisiya kaye za m'munda kuti tikambirane za ulendo wa pakati pa munda ndi msika. Mlimi wa mkaka ku Thyolo, wa mbatatesi ku Tsangano, wa tomato ku Bembeke ngakhalenso wa manachesi ku Mwanza, onsewa ali ndi vuto limodzi. Zokolola zilipo, njinga ilipo, koma panjira pali chitunda. Akafika pamenepo amatsika n'kuyamba kukankha. Mkaka ukachedwa kufika kogulitsira umasasa, ndipo tomato akakhalitsa padzuwa amafewa, mtengo wake n'kutsika.

Masiku ano kuli zipangizo zimene munthu angamangirire pa njinga yakapalasa kuti iziyenda ndi magetsi. Zipangizozi ndi mota, batire, kabokosi kolamulira magetsi kamene amalonda amati controller, ndi mawaya ake. Zambiri zimachokera ku China. Alimi amene ndimayendera pa ntchito yanga akhala akundifunsa kuti, "Kodi tigule ya ma watt angati?" Yankho langa limakhala lakuti funsolo layamba molakwika. Pa chitunda chofunika kwambiri si kuchuluka kwa ma watt olembedwa pa katoni, koma ngati motayo ingathe kukoka katundu wolemera pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali osatentha. Mtengo wa mota ndi batire umaposa kangapo mtengo wa njinga yeniyeniyo, choncho mlimi akalakwitsa posankha ndiye kuti wataya phindu la chaka chonse. N'chifukwa chake ndalemba phunziroli.

Yambani mwayeza chitunda chanu

Musanaone mota iliyonse, dziwani zinthu ziwiri: kulemera kwa zonse zimene motayo idzakoke, ndi kukula kwa chitunda chimene idzakwere.

Kulemera n'kosavuta kupeza. Tiyerekeze kuti inu mumalemera makilogalamu 65, njinga 25, mota ndi batire 10, ndipo pa kaliyala pali thumba la chimanga la makilogalamu 50. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 150. Amkaka akumbukire kuti lita imodzi ya mkaka imalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndipo awerengerenso chigubu.

Poyeza chitunda gwiritsani ntchito chingwe ndi levulo zomwe zija timapezera akalozera m'munda. Pitani pamalo pamene mumatsikira njinga, chifukwa ndi pamene pali povuta. Tengani chingwe cha mamita 10. Mnzanu agwire nsonga imodzi pansi penipeni chakumtunda. Inu muime chakumunsi ndi ndodo, n'kumakweza nsonga inayo mpaka kathovu ka m'levulo kafike pakati. Tsono yezani kuchokera pansi kufika pamene pali chingwe. Mukapeza masentimita 50, chitundacho ndi cha 5 pa 100. Mukapeza mita imodzi, ndi cha 10 pa 100. Mukapeza mita ndi theka, ndi cha 15 pa 100, ndipo chimenecho ndi chitunda choti ngakhale galimoto imakwera pa giya yoyamba kapena yachiwiri. Yezani malo atatu kapena anayi ndi kusunga nambala yaikulu. Onaninso kutalika kwake. Chitunda cha mamita 200 ndi chitunda cha makilomita atatu ndi zinthu ziwiri zosiyana kwa mota, ngakhale kupendekeka kwake kutafanana.

Msewu nawo umadya mphamvu. Pa nambala imene mwapezayo onjezani 1 ngati msewu ndi wa tala, kapena 2 ngati ndi wafumbi. Chitunda chathu cha 10 pa msewu wafumbi tichiwerengera ngati 12.

Masamu awiri osavuta

Masamu oyamba ndi opezera ma watt. Chulukitsani makilogalamu ndi nambala ya chitunda, muchulukitsenso ndi liwiro limene mukufuna pa makilomita pa ola, kenaka mugawe ndi 37. Pa chitsanzo chathu, ngati tikufuna kukwera pa liwiro la makilomita 10 pa ola: 150 kuchulukitsa ndi 12, kuchulukitsanso ndi 10, ndi 18,000. Tikagawa ndi 37 tipeza ma watt 486. Munthu wamba akamapalasa kwa nthawi yaitali amatulutsa ma watt pafupifupi 100. Apa mwaona chifukwa chake mumatsika n'kukankha. Si ulesi ai, ntchitoyo ndi ya anthu asanu.

Tsono onani chimene chimachitika tikachepetsa liwiro. Pa makilomita 6 pa ola, masamu omwewo akutipatsa ma watt 292 okha. Miyendo yanu ikapereka 100, motayo yatsala ndi ochepera 200. Ndiye kuti mota yaing'ono ikhoza kukweza thumba la chimanga pa chitunda chachikulu, malinga ikhale yotha kuyenda pang'onopang'ono. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, pakuti si mota iliyonse imene ingatero.

Masamu achiwiri ndi opezera mphamvu yopotokola gudumu. Mphamvu imeneyi ndi ija mumaimva pomanga nati ndi sipanala: sipanala yaitali imamanga kwambiri kuposa yaifupi ngakhale dzanja lili lomwelo. Pa mapepala a mota mphamvuyi amailemba ndi zilembo ziwiri, Nm. Chulukitsani makilogalamu ndi nambala ya chitunda, kenaka mugawe ndi 31 ngati gudumu lanu ndi la mainchesi 26. Ngati ndi la mainchesi 28, ngati la njinga zakuda zija za Humber, Hero kapena Phoenix, gawani ndi 29. Ngati ndi laling'ono la mainchesi 20, gawani ndi 41. Pa chitsanzo chathu gudumu la 26 lifuna 58 Nm, la 28 lifuna 62 Nm, pamene la 20 lifuna 44 Nm yokha. Gudumu laling'ono limakwera bwino kuposa lalikulu. Chitunda cha 5 pa 100 chifuna 34 Nm pa gudumu la 26, ndipo cha 15 pa 100 chifuna 82 Nm.

Lembani nambala zanu papepala. Pepala limeneli ndi limene mupite nalo kwa wogulitsa.

Mdani wa mota ndi kutentha

Mota ya magetsi ili ndi liwiro limene inapangidwira. Ikamazungulira pafupi ndi liwiro limenelo, magawo asanu ndi atatu mwa magawo khumi a magetsi amasanduka mphamvu yoyendetsa njinga, ndipo otsalawo amasanduka kutentha. Koma katundu akailemera n'kuyamba kuzungulira mochedwa, imakoka magetsi ambiri pamene ntchito ikuchepa. Magetsi odutsa m'mawaya ake akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Mukapitiriza, utoto wotchinga mawaya a kopa a m'kati umapsa, maginito amafooka, ndipo timagiya ta pulasitiki timafewa n'kutha mano.

Lamulo losavuta kukumbukira nali: musaikakamize mota kwa nthawi yaitali pa liwiro lochepera theka la liwiro lake lapamwamba. Mota yopangidwira makilomita 25 pa ola ikamakwawa pa makilomita 6 pa ola ndi mphamvu zake zonse, ndiye kuti ikuzungulira pa gawo limodzi mwa magawo anayi a liwiro lake. Pa chitunda chachifupi ipirira. Pa chitunda cha theka la ola ikhoza kupsa. Ng'ombe ya pangolo mumaiona ikatopa, koma mota silira. Mumangomva fungo la kupsa zinthu zitaonongeka kale.

Mitundu itatu ya mota

Mtundu woyamba ndi mota ya m'gudumu yopanda magiya. Imeneyi ndi yaikulu ngati mbale ya nsima, imakhala pakati pa gudumu, ndipo imalemera makilogalamu 6 kapena kupitirira. Gudumu likazungulira kamodzi, nayonso yazungulira kamodzi. M'kati mwake mulibe zambiri zotha, choncho imakhalitsa, ndipo ina imatha kubweza magetsi pang'ono m'batire potsetsereka. Pa katoni pamalembedwa nambala zokopa, 1000W kapena 1500W, pamene mtengo wake ndi wotsikirapo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mota imeneyi imakonda liwiro. Pa chitunda, njinga ikachedwa nayonso imachedwa, n'kuyamba kumeza batire ndi kutentha. Batire likatha, kuipalasa n'kolemera chifukwa maginito ake amagwira gudumu. Ndi yabwino kumalo achidikha monga ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Nsanje. Kwa mlimi wa kumapiri wonyamula katundu, ine sindiilimbikitsa.

Mtundu wachiwiri ndi mota ya m'gudumu yokhala ndi magiya m'kati. Ndi yaing'ono, yolemera makilogalamu 2 mpaka 4. M'kati mwake motayo imazungulira pafupifupi kasanu kuti gudumu lizungulire kamodzi, motero imakoka bwino pa liwiro lochepa kuposa yoyamba ija. Batire likatha njinga imapalasika bwinobwino. Zing'onozing'ono zolembedwa 250W zimafika pa 40 Nm kapena chapafupi pamenepo, ndipo zazikulupo zimaposa apo. Yerekezani ndi masamu athu aja. Chitunda cha 5 pa 100 chimafuna 34 Nm, ndiye kuti ikwera, makamaka inu mukamathandiza ndi miyendo. Chitunda cha 10 pa 100 chimafuna 58 Nm, ndiye kuti yaing'onoyo yaperewera.

Pa mota za mtundu umenewu funsani kuti imazungulira kangati pa mphindi. Mota zooneka chimodzimodzi kunja zimakulungidwa mawaya mosiyana m'kati: ina imazungulira ka 201 pa mphindi, ina ka 260, ina ka 328. Ya 201 pa gudumu la mainchesi 26 imathamanga makilomita 25 pa ola. Ya 328 inapangidwira magudumu ang'onoang'ono, ndipo mukaiika pa gudumu lalikulu imathamanga pachidikha koma pa chitunda imatentha msanga. Wa kumapiri asankhe ya nambala yaing'ono.

Mtundu wachitatu ndi mota ya pakati. Imeneyi siikhala m'gudumu. Imalowa pamene pamadutsa chitsulo cha mapedulo, ndipo imakoka tcheni monga momwe miyendo yanu imachitira. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imagwiritsa ntchito magiya a njinga. Mukafika pa chitunda n'kuika giya yopepuka, njinga imachedwa koma motayo imazungulirabe mofulumira, choncho siitentha msanga. Ndi chimodzimodzi lole yodzaza feteleza ikamakwera chitunda pa giya yoyamba: injini ikulira bwino, matayala akuyenda pang'onopang'ono.

Mota za pakati zodziwika kwambiri ndi za kampani ya Bafang ya ku Suzhou m'dziko la China. Pali BBS01 ya 250W imene eni ake amati imafika 80 Nm, BBS02 ya 750W ya 120 Nm, ndi BBSHD ya 1000W ya 160 Nm. Palinso TSDZ2 ya kampani ya Tongsheng, imene imamva mphamvu imene phazi likuponda n'kuonjezera molingana ndi mphamvuyo. Nambala zimenezi ndi za pachimake, zimene mota imafika kwa kanthawi kochepa, choncho musasankhe mota imene nambala yake ikungofanana ndi ya papepala lanu. Ikhale yoposerapo.

Chenjerani ndi mano a magiya

Pali chinthu chimene ogulitsa ambiri safotokoza. Nm ya mota ya m'gudumu ndi ya pagudumu pomwepo. Koma Nm ya mota ya pakati ndi ya pa mapedulo, isanadutse pa tcheni. Kuti mudziwe imene ikufika pa gudumu, werengani mano. Chulukitsani Nm ndi mano a giya ya kumbuyo, mugawe ndi mano a giya ya kutsogolo.

Titenge mota ya 120 Nm yokhala ndi giya ya kutsogolo ya mano 44. Pa njinga ya magiya imene giya yake yaikulu ya kumbuyo ili ndi mano 34, pa gudumu pafika 93 Nm. Chitunda chathu cha 10 pa 100 chagonja, ngakhalenso cha 15. Koma mota yomweyo mukaiika pa njinga ya giya imodzi ya mano 18 kumbuyo, pa gudumu pafika 49 Nm yokha, pamene gudumu la mainchesi 28 likufuna 62. Choipa china n'chakuti pa makilomita 6 pa ola mapedulo azizungulira ka 18 kokha pa mphindi, pamene mota zoterezi zimafuna kuti azizungulira ka 70 mpaka 90. Mota yodula ija ipsa ngati yotchipa.

Onaninso mbali inayo. Mota yaing'ono ya 80 Nm, mukaipatsa giya ya kutsogolo ya mano 36 ndi ya kumbuyo ya mano 34, ifikitsa 76 Nm pa gudumu. Ndiye kuti mota ya 250W pa magiya oyenera yaposa mota ya 750W pa magiya olakwika. Pogula mota ya pakati pemphani giya ya kutsogolo ya mano ochepa kwambiri imene ilipo. Ya mano 48 kapena 52 ndi ya anthu ofuna liwiro m'tauni.

Mota ya pakati ili ndi zovuta zake. Imatha tcheni ndi magiya msanga chifukwa mphamvu yonse imadutsa pamenepo. Tcheni chikaduka, njinga siyenda ngakhale batire lili lodzaza, choncho yendani ndi zolumikizira tcheni. Muyenera kusintha giya musanafike pa chitunda, ndipo posintha muzileka kaye kuponda kuti mota isakoke. Poima, siyani njinga pa giya yopepuka kuti ponyamuka isavutike. Komanso motayo imalendewera pansi pa felemu, motero m'njira za miyala ndi zigwembe ikhoza kugunda.

Nambala ya pa katoni

Mungadabwe kuti n'chifukwa chiyani mota zambiri zimalembedwa 250W kapena 750W. Nambalazi zimatsata malamulo a maiko amene amagula kwambiri. Ku Ulaya ndi ku Britain njinga ya magetsi imawerengedwa ngati njinga wamba ikakhala ya 250W ndipo mota yake izileka kuthandiza pa makilomita 25 pa ola. Ku America lamulo la m'chaka cha 2002 linaika malire pa 750W ndi makilomita 32 pa ola. Choncho nambala ya pa katoni imanena zambiri za msika kuposa za chitunda chanu.

Kuti mudziwe magetsi enieni amene mota ingakoke, onani pa controller. Chulukitsani ma volt a batire ndi ma amp olembedwa pamenepo. Batire la 36 volt ndi controller ya 15 amp zimapereka ma watt 540, ngakhale pa katoni alembe 250W. Batire la 48 volt ndi controller ya 25 amp zimapereka 1,200. Kumbukirani kuti si onse amene amafika pa gudumu. Ndipo musanamange mota yaikulu yothamanga ngati njinga yamoto, kafunseni ku ofesi ya Road Traffic za malamulo ake.

Kodi njinga yanu ilola?

Safunsa anadya phula. Musanalipire, yezani njinga.

Mota ya pakati imalowa m'chibowo cha felemu chotalika mamilimita 68 mpaka 73. Yezani chanu, ndipo mukanika aone ngati kukula kwa chibowocho kukugwirizana ndi motayo. Mota ya m'gudumu la kutsogolo imafuna mpata wa mamilimita 100 pakati pa miyendo ya foloko. Ya kumbuyo kawirikawiri imafuna 135, pamene njinga za giya imodzi zimakhala ndi mpata wocheperapo.

Ngati mwasankha ya m'gudumu, ikhale ya kumbuyo. Pokwera chitunda, makamaka muli ndi thumba pa kaliyala, kulemera konse kumapita kumbuyo. Gudumu la kutsogolo limapepuka, ndipo mota ikakhala m'menemo limangopala dothi kapena kuterereka m'matope. Foloko nayo ndi yofooka poyerekeza ndi kumbuyo kwa felemu. Kulikonse kumene mwaiika, pemphani kachitsulo kogwira ekiselo kuti isazungulire, kamene amati torque arm. Popanda kameneka ekiselo imatha kukuza polowera pake, kudula mawaya, ngakhale kuzula gudumu njinga ikuyenda. Masipoko akhale okhuthala, ndipo muwakungitse pakatha masabata awiri oyamba.

Eni njinga zimene zimagwira buleki pobweza mapedulo m'mbuyo, monga zambiri za Buffalo, amvetsetse izi. Mota zambiri za pakati zinapangidwa kuti mukabweza mapedulo tcheni chisayende. Mukamanga yotere, buleki yanu ya kumbuyo yatha ntchito. Mukachotsa gudumu la kumbuyo n'kuikapo la mota, buleki yapitanso ndi gudumu lakalelo. Musakwere njinga yotere musanaike mabuleki ena a m'manja.

Kwa mlimi wa kumapiri, kawirikawiri njira yabwino ndi kupeza njinga yakale yolimba ya felemu yachitsulo, ya magudumu a mainchesi 26 ndi magiya 7 kapena 8 kumbuyo, n'kuimangira kaliyala yolimba. Njinga yanu ya giya imodzi ikhale ya maulendo ena.

Batire

Mota yabwino pa batire lochepa ndi ngolo yopanda ng'ombe. Kukula kwa batire mumakupeza pochulukitsa ma volt ndi nambala yolembedwa Ah. La 36 volt ndi 10 Ah lili ndi 360 Wh, ndipo la 48 volt ndi 13 Ah lili ndi 624 Wh.

Kukweza makilogalamu 150 mamita 100 m'mwamba kumadya 41 Wh, ndipo tikawerengera magetsi otayika ngati kutentha ndi pafupifupi 60 Wh. Ngati njira yanu ya kumsika imakwera mamita 200, sungani 120 Wh ya zitunda zokha, kupatula ya mtunda wa ulendowo. Wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre kudzera pa Thabwa amakwera mamita pafupifupi 900. Pamenepo kukwera kokha kufuna 540 Wh, ndiye kuti batire la 360 Wh limuthera panjira pokhapokha miyendo itagwira ntchito yaikulu. Gulani batire loti pobwera kunyumba lizikhala lisanatheretu, chifukwa kulikhuthula tsiku ndi tsiku kumafupikitsa moyo wake.

M'kati mwa batire la lithium muli kabolodi kolitchinjiriza kotchedwa BMS. Kameneka kali ndi malire a ma amp amene kamalola. Ngati controller ikufuna 25 amp pamene BMS imalola 15, magetsi azidzazima pakati pa chitunda, pamene mukuwafunitsitsa. Funsani nambala zonse ziwiri. Ena amalumikiza mabatire atatu a asidi a 12 volt pofuna kupulumutsa ndalama. Atatuwo, a 12 Ah lililonse, amalemera makilogalamu oposa 10, pamene la lithium la 360 Wh limalemera pafupifupi 3. Pa chitunda kilogalamu iliyonse imalipiridwa.

Kutchaja sikudya magetsi ambiri. Batire la 360 Wh silitha ngakhale yuniti imodzi ya ESCOM, ndipo tchaja ya 2 amp imalidzaza pa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Sola ya ma watt 100 pa tsiku la dzuwa labwino imapereka pafupifupi 400 Wh. Gwiritsani ntchito tchaja yake yokha: batire la 36 volt limafuna tchaja yotulutsa 42 volt, la 48 volt limafuna yotulutsa 54.6 volt. Batire la lithium likayaka moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Musatchaje usiku muli m'tulo, musatchajire pafupi ndi fodya, udzu kapena mafuta, ndipo batire lotupa, lophwanyika kapena lolowa madzi musaligwiritsenso ntchito.

Chokwera chiyenera kutsika

Mota ikuthandizani kukwera ndi katundu amene kale simukanakwera naye, koma potsika ndi mabuleki okha amene angakupulumutseni. Mphamvu yonse ija imene inakweza makilogalamu 150 imabwerera ngati kutentha pa mabuleki. Mota ya pakati ndi ya m'gudumu ya magiya sizigwira njinga potsetsereka. Mabuleki a ndodo pa limu yachitsulo sagwira bwino mvula ikagwa, ndipo amenewa si odalirika pa mitsetse ngati ya ku Golomoti kapena ya ku Livingstonia. Pezani njinga ya mabuleki a disiki, kapena a mphira zazitali zogwira m'mbali mwa limu ya aluminiyamu. Mangani zogwirira mabuleki zimene zimabwera ndi mota, chifukwa zimadula magetsi mukangozikoka. Pa mtsetse wautali gwirani ndi kutaya mosinthasintha, ndipo muziima kuti malimu azizire. Kuthamanga si kufika.

Tsono musankhe iti?

Ngati zitunda za kwanu sizipitirira 5 kapena 6 pa 100, mota ya m'gudumu la kumbuyo ya magiya, ya 250W mpaka 500W, yozungulira ka 201 pa mphindi, ikukwanirani. Ndi yotchipirapo, siitha tcheni ndipo siifuna luso losintha magiya.

Ngati zitunda zili pakati pa 7 ndi 10 pa 100 koma ndi zazifupi, mota ya m'gudumu ya magiya yaikulupo ikhoza kutha, makamaka pa gudumu laling'ono. Zikakhala zazitali, kapena ngati mumanyamula katundu tsiku lililonse, tengani ya pakati.

Ngati zitunda zikupitirira 10 pa 100, musataye ndalama pa china chilichonse. Tengani mota ya pakati, pa njinga ya magiya yokhala ndi giya ya kumbuyo ya mano 32 kapena 34, ndi mabuleki abwino.

Mau otsiriza

Mukapita kwa wogulitsa, tengani pepala lanu lija ndi kumufunsa izi: Motayi ndi ya Nm zingati, ndipo ndi za pa gudumu kapena pa mapedulo? Imazungulira kangati pa mphindi? Controller ndi ya ma amp angati, nanga BMS? Timagiya ta m'kati, controller ndi tchaja zikaonongeka, zina zipezeka kuti? Wogulitsa amene akungobwereza kuti "ndi yamphamvu, bwana" osayankha mafunsowa, musiyeni.

Ngati n'kotheka iyeseni musanamalize kulipira. Mangani thumba pa kaliyala, kwerani chitunda chanu chomwe chija, ndipo pamwamba gwirani motayo ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ili bwino. Ikakhala yotentha moti dzanja silingakhalepo, dziwani kuti m'kati mwatentha koposa, ndipo mota imeneyo si ya njira yanu. Alimi a m'kalabu imodzi kapena gulu limodzi la mkaka angachite bwino kusonkha ndi kugula imodzi, kuiyesa nyengo yonse ya mvula ndi ya chilimwe, kenaka ena n'kumagula ataona. Agwirizanenso kugula mtundu umodzi kuti zipangizo zizibwerekana ndiponso mukanika wa pamsika aizolowere.

Sabata ino tengani chingwe ndi levulo, mukayeze chitunda cha kwanu.